Phazi Lamanzere: Mbiri ya Ng'oma Ziwiri za Pansi

Mwa makalata amene tidalandira mwezi wathawu mudali ina yochokera kwa mnyamata woimba ng'oma m'bandi ya kutchalitchi kwawo. Iyeyu adasunga ndalama nthawi yaitali nagula chopondera cha mapazi awiri, chija chimalola munthu kumenya ng'oma yaikulu ya pansi ndi mapazi onse. Tsono wakhala akuyeserera miyezi itatu, koma phazi lamanzere likumukanira. Akati afulumire limatsalira, msongolo umayaka moto, ndipo m'malo mwa mgugu wosalala umene amaumva m'zimbale zakunja, chimene chimatuluka ndi mdidi wa munthu wotsimphina amene akuthamangira basi. Funso lake lidali lakuti: kodi pali chinsinsi chimene akatswiri amabisa?

Chinsinsi palibe, koma mbiri ilipo, ndipo ndiyesa kuti mbiriyo imuthandiza mnyamatayu koposa malangizo ouma. Vuto limene lamugwerali ndi lomwe lidasautsa aliyense amene adakhalapo kumbuyo kwa ng'oma ziwiri za pansi kuyambira m'chaka cha 1946. Phazi lamanzere lidafika mochedwa pa ntchito imeneyi, ndipo kufikira lero woimba aliyense amayenera kuliphunzitsa yekha kuyambira pachiyambi.

Tiyambire pa nthawi imene mapazi onse awiri adalibe chochita. M'mabandi a asilikali a ku Ulaya ndi ku America a zaka za m'ma 1800, munthu mmodzi ankanyamula ng'oma yaikulu, wina ng'oma yaing'ono yolira mokhadzula ija, wachitatu mbale zamkuwa, monga timaonera bandi ya apolisi ikamaguba. Koma nyimbo zitalowa m'nyumba za zisudzo ndi za dansi, malo adachepa, ndipo mwini nyumba sadafune kulipira anthu atatu pa ntchito imene mmodzi akadatha. Motero woimba mmodzi ankaika ng'oma yaikulu pambali pake, namenya zonse ziwiri ndi timitengo ta m'manja. Ena adayesa kupanga zopondera zamatabwa zokhala ndi chibonga cholendewera kuchokera pamwamba pa ng'oma, koma zidali zolemera ndi zochedwa. Nzeru yopatsa phazi ntchito chifukwa manja atanganidwa si yachilendo kwa ife. Tidawaona a Yosefe Kalekeni a Madalitso Band akugunda ng'oma ndi chidendene uku manja ali pa gitala.

M'chaka cha 1909 William F. Ludwig, woimba ng'oma wa mumzinda wa Chicago amene adabadwira ku Germany, adalembetsa ku boma chopondera cha mtundu watsopano. Chidamukakamiza ndi nyimbo za ragtime zimene zidali zitatchuka, pakuti chopondera chake chakale sichinkatha kuzitsata liwiro. Chatsopanocho chidali choima pansi, cha kachibonga ka mpini waufupi, chokhala ndi sipuling'i yobweza kachibongako kakangomenya. Iye ndi mbale wake Theobald adayamba kuzipanga zachitsulo ndi kuzigulitsa, ndipo mpaka lero chopondera chilichonse chimatsata maganizo omwewo. Mudzaona kuti dongosolo limeneli lidzabwerezeka m'nkhani yathu yonse: nyimbo ndiyo imatsogola, chitsulo chimatsatira, thupi la munthu limadza pambuyo likudandaula.

Phazi lamanja lidapeza ntchito tero. Lamanzere lidadikira mpaka zaka za m'ma 1920, pamene lidapatsidwa mbale ziwiri zamkuwa zoombana munthu akaponda. Poyamba zidali pansi penipeni, kenaka adazikweza pa mtengo wachitsulo kuti ndi timitengo tomwe tizifikapo, nazitcha hi-hat. Jo Jones, wa m'bandi ya Count Basie ya zaka za m'ma 1930, ndiye adaonetsa dziko kukoma kwake. Kuyambira pamenepo ntchito ya phazi lamanzere m'nyimbo za jazz idali yosunga nthawi: kutseka mbalezo pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, mosafulumira, mosasintha, usiku wonse. Mapazi onse awiri ankakhala chidendene chili pansi, kutsogolo kwa phazi ndiko kunkagwira ntchito. Oimba abwino a nthawi imeneyo ankanyadira kumenya ng'oma yaikulu mopepuka kwambiri, kuti ovina aimve m'chifuwa koma khutu lisaizindikire. Pa kaimbidwe kotere chidendene chokhala pansi ndi chabwino koposa, chifukwa munthu amatha kuyeza mphamvu yake monga mayi ayezera mchere.

Amene adasokoneza mtendere umenewu ndi mwana wa sukulu. Louie Bellson adabadwa m'chaka cha 1924 ku Rock Falls m'chigawo cha Illinois. Bambo wake, wochokera ku Italy, adali ndi sitolo ya zoimbira mumzinda wa Moline, kotero kuti mwanayo adakulira pakati pa malipenga ndi ng'oma. M'chaka cha 1939, ali ndi zaka 15, adajambula m'kalasi chithunzi cha ng'oma zoikidwa mwa njira imene anzake adaiona ngati nthabwala: ng'oma zazikulu ziwiri, ina ku phazi lamanja, ina ku phazi lamanzere. Patapita zaka ziwiri adapambana mpikisano wa dziko lonse wa oimba ng'oma achinyamata umene udatchedwa dzina la Gene Krupa, koma ngakhale adatchuka chotero, opanga ng'oma sadafune kumva za chithunzi chake chija. Kampani ya Gretsch ndiyo idavomera, nimupangira ng'omazo m'chaka cha 1946, ndipo adayamba kuziimba m'bandi ya Ted Fio Rito.

Si onse adakondwera nazo. Benny Goodman, amene Bellson adamuimbirapo, sadazifune, pamene Tommy Dorsey adazilandira ndi manja awiri. Koma amene adazipatsa ulemu weniweni ndi Duke Ellington. Bellson adalowa m'bandi ya Ellington m'chaka cha 1951, ndipo nyimbo yake yotchedwa "Skin Deep", yojambulidwa m'chaka cha 1952, idatuluka pa chimbale cha Ellington Uptown. Kudzera m'chimbale chimenechi anthu ambiri adamva koyamba mapazi awiri akugunda mosinthana ngati bingu la kutali, manja akuchita zawozawo pamwamba. Bellson adachoka m'bandiyo m'chaka cha 1953, atakwatira woimba wotchuka Pearl Bailey, koma Ellington adali atazolowera liwu lija, ndipo Sam Woodyard ndi Rufus Jones, amene adakhala pa mpandowo m'zaka zotsatira, nawonso ankaimba ng'oma ziwiri za pansi.

Pali mfundo imodzi ya moyo wa Bellson imene anthu amaidumpha, chonsecho ndiyo mutu wa nkhani. Iye asadakhale katswiri wa ng'oma adali wovina tap, gule wa ku America amene amavinidwa ndi nsapato zokhomedwa tizitsulo ku chidendene ndi kutsogolo, kotero kuti wovinayo amaimba ng'oma ndi mapazi ake pa thabwa. Jo Jones adavinapo gule yemweyu, Buddy Rich chimodzimodzi, ndiponso Steve Gadd amene tidzamutchula patsogolo. Wovina tap alibe phazi laulesi. Akakolo ake amakhala omasuka, thupi lake limadziwa kukhazikika popanda kutsamira mwendo umodzi, ndipo amadziwa kuti chidendene ndi zala ndi mawu awiri osiyana a phazi limodzi. Bellson sadaphunzitse phazi lamanzere kufulumira atakhala kale pa mpando wa ng'oma. Adabwera nalo lophunzira kale. Amene adamutsata ambiri adalibe mwayi umenewo, ndipo adayenera kufunafuna pa chopondera zimene iye adazipeza pa bwalo la gule.

Tsopano tiwoloke nyanja. M'chaka cha 1966 bandi ya Ellington idakaimba ku England, ndipo Ginger Baker adasimba kuti iye ndi Keith Moon wa gulu la The Who adakaonerera Sam Woodyard, natuluka onse awiri atatsimikiza mtima kupeza ng'oma yachiwiri. Moon adafulumira, nangophatikiza ng'oma za Premier. Baker adadikira kuti a Ludwig amupangire zake, ndipo adaitanitsa zosiyana kukula, ina ya mainchesi 20, ina ya 22, kuti iliyonse ikhale ndi liwu lake. Apa mpamene padaonekera maphunziro ake. Mphunzitsi wake Phil Seamen ankamumvetsera zimbale za ng'oma za ku Africa, m'mene ng'oma iliyonse imayankhula zake, ndipo Baker adafika mpaka pokakhala ku Lagos ndi kujambula chimbale ndi Fela Kuti m'chaka cha 1971. Nyimbo yake ya "Toad", pa chimbale choyamba cha gulu la Cream cha 1966, idathandiza kutchukitsa ng'oma ziwiri m'nyimbo za rock.

Koma rock idabwera ndi vuto limene jazz idalibe, ndilo phokoso. Magitala adalumikizidwa ku zokuzira mawu zazitali ngati munthu, ndipo woimba ng'oma womenya mopepuka ankangooneka akugwedezeka, osamveka. Chikopa cha ng'ombe chidali chitayamba kale kulowedwa m'malo ndi pulasitiki kuyambira cha m'ma 1957, ndipo pulasitikiyo inkapirira nkhonya. Motero chidendene chidadzuka. Woimba adayamba kunyamula mwendo wonse kuchokera m'chiuno ndi kuugwetsa pa chopondera, kulemera kwa ntchafu kukuchita ntchito. Liwu lidakula ndithu, koma padabadwa vuto latsopano. Munthu woponda ndi mwendo umodzi amatsamira winawo osadziwa. Miyendo yonse iwiri ikanyamuka, alibenso potsamira, ndipo amayamba kupendekera chagada kapena kugwira mpweya. Ambiri amene amati phazi lawo lamanzere ndi lofooka, vuto lawo lenileni ndi lakuti phazilo lakhala mzati wa thupi zaka zonse, ndipo thupi likukana kulimasula.

Tisaiwale kuti m'zaka zomwezo John Bonham wa Led Zeppelin adaonetsa, pa nyimbo ya "Good Times Bad Times" ya 1969, kuti phazi limodzi lokha lingathe kumenya mofulumira mpaka omvera kuganiza kuti ng'oma zilipo ziwiri. Ankagwiritsa ntchito chopondera cha Speed King, chimene chidayamba kupangidwa m'chaka cha 1937, ndipo amene ali ndi khutu lakuthwa amachimva chikulira ngati chitseko chosadzozedwa mafuta m'nyimbo ya "Since I've Been Loving You". Zaka za m'ma 1970 zidabala akatswiri ambiri a mapazi awiri, monga Billy Cobham, Tommy Aldridge ndi Cozy Powell, ndipo Ian Paice wa Deep Purple adabwereka ng'oma yachiwiri kuti ajambule "Fireball" m'chaka cha 1971. Komabe kwa ambiri a iwo ng'oma yachiwiri idali ya pa nthawi yapadera, pamene nyimbo yafika pachimake. Ikatha nthawiyo phazi lamanzere linkabwerera ku hi-hat kwawo.

Kusintha kwakukulu kudachitika mwangozi, ndipo kudachokera kwa munthu amene adali kuphunzira, monga mnyamata wa kalata uja. Phil Taylor wa gulu la Motörhead adali atangopeza ng'oma ziwiri, ndipo tsiku lina ankayeserera yekha chinthu chophweka kwambiri: lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere, osalekeza. Anzake awiri, Lemmy ndi Eddie Clarke, adalowa namuuza kuti asaleke, iwo nayamba kuimba pamwamba pake. Idatuluka ndi nyimbo ya "Overkill" ya 1979. Zimene zidali zoyeserera zidasanduka maziko a nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Achinyamata a ku America ndi ku Germany amene adayambitsa magulu a thrash metal adaimva naitenga ngati lamulo. Kuyambira pamenepo funso silidalinso lakuti kodi ungagunde mofulumira kwa kamphindi, koma lakuti kodi ungapirire mphindi zisanu, kenaka nyimbo ina, kenaka ina, mpaka ola lithe.

Chitsulo chidatsatira monga mwa chizolowezi chake. Ng'oma ziwiri zazikulu ndi zodula, zolemera kunyamula, ndiponso zovuta kuzikunga kuti zilire mofanana. Don Sleishman wa ku Australia adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kupanga chopondera chakuti mapazi awiri amenye ng'oma imodzi, ndipo m'chaka cha 1983 kampani ya Drum Workshop ya ku California idatulutsa cha mtundu umene wafala lero, chokhala ndi mtanda wachitsulo wolumikiza chopondera chamanzere ku kachibonga kachiwiri. Ichi ndicho adagula mnyamata wathu. Adziwe kuti mtanda umenewo uli ndi mfundo ziwiri, ndipo zikayamba kugwedera phazi lamanzere limamveka lochedwa ngakhale mwini wake asalakwe. Mabuku nawo adayamba kutuluka. La Joe Franco, la m'chaka cha 1984, lidaphunzitsa lamulo losavuta lakuti mapazi azitsata dongosolo la manja omenya mosinthana, phazi lililonse likhale ndi malo ake odziwika m'kugunda, kuti woimba asamaganize pakati pa nyimbo kuti tsopano liponde ndi liti.

Kuti timvetse kumene zinthu zidafika, tiwerengere pamodzi. Oimba amayeza liwiro ndi metronome, kachipangizo kogunda ngati wotchi. Ikamagunda ka 200 pa mphindi imodzi, ndipo pa kugunda kulikonse mapazi namenya kanayi, ndiye kuti ng'oma ikulira ka 800 pa mphindi, phazi lililonse ka 400, kapena kuti kopitirira ka 13 pa sekondi imodzi mapazi onse pamodzi. Liwiro lotere, ndi kupitirirapo pang'ono, ndilo adafikapo Dave Lombardo, wobadwira ku Havana, pa chimbale cha Slayer cha Reign in Blood cha 1986, chimene nyimbo zake zonse khumi sizikwana ndi theka la ola lomwe. Anzake a m'badwo umenewo adalimbana ndi liwiroli monga amuna alimbana ndi chitsa m'munda. Gene Hoglan ankamanga zitsulo zolemera m'miyendo poimba, kuti akazivula miyendo ipepuke. Pete Sandoval adalowa gulu la Morbid Angel m'chaka cha 1988 asadazolowere ng'oma ziwiri, nadzitsekera kuyeserera maola ambirimbiri tsiku lililonse mpaka adasanduka chitsanzo cha onse oimba death metal. M'chaka cha 2010 adachitidwa opaleshoni ya msana nasiya kuimba kwa nthawi yaitali.

Pano ndipo pafunika kuti tichedwepo, chifukwa m'zaka zimenezi oimba adatulukira, aliyense payekha, chinthu chimene wovina tap akadawauza kale. Mwendo wonse ndi wolemera. Minofu ya m'chiuno imene imaunyamula ndi yamphamvu koma yochedwa, ndipo aphunzitsi ambiri amaona kuti metronome ikafika cha m'ma 150 kapena 160, wophunzira womenya ndi mwendo wonse amagunda khoma. Akakakamiza, ntchafu imauma, mapewa amakwera, ndipo kugunda kumayamba kutsimphina. Kuti adutse khomalo ayenera kusiya chimene chidamufikitsa pamenepo. Ntchafu ikhale chete, chidendene chiyandame pang'ono pamwamba pa chopondera, ndipo kakolo yekha, mothandizidwa ndi katumba, ndiye agwire ntchito. Kayendedwe kamachepa pamene liwiro likukula. Woonerera amadabwa kuona munthu akutulutsa mkokomo wa mvula yamatalala pa denga la malata, chonsecho maondo ake akungonjenjemera pang'ono.

Chovuta nchakuti pakati pa njira ziwirizi pali chigwa. Pali liwiro lina limene ndi lofulumira kwambiri kwa mwendo wonse koma lochedwa kwambiri kwa kakolo, ndipo oimba ambiri amavomereza kuti kuimba bwino pamenepo nkovuta kuposa kuthamanga kwenikweni. Chachiwiri nchakuti kakolo sangagwire ntchito ngati kachibonga kakukanikizidwa pa ng'oma. Woimba rock adazolowera kukasiya katamatirira pa pulasitiki akamenya, kuti liwu likhale lalifupi ndi lolimba. Wofuna liwiro ayenera kukalola kubwerera kokha, monga mpira wodunda, phazi lingokakankha pa nthawi yake. Apa sipuling'i ya Ludwig ija imakhala mnzake wa woimba, ndipo kuimanga kapena kuimasula pang'ono, kusendeza phazi chakumbuyo kwa chopondera, kapena kukweza mpando kuti chiuno chikhale pamwamba pang'ono pa maondo, kumasintha zonse. Mpando wotsika kwambiri umalemetsa miyendo, ndipo amene amalipira ndi msana.

Atafika pa malire a kakolo, ena adafuna njira zina. George Kollias wa ku Greece, amene adalowa gulu la Nile m'chaka cha 2004, adatchukitsa njira yotchedwa swivel, yopotoza chidendene kumanja ndi kumanzere uku phazi likumenya, kuti ntchito igawikane pa minofu yosiyana ndipo woimba akhale ndi chowerengera nthawi m'thupi mwake. Ndi njira imeneyi amafika pa 250 ndi kupitirira, kumene kuli kumenya ka 1,000 pa mphindi. Njira ina, yotchedwa heel-toe, aliyense amene adaonapo telala akupalasa makina osokera pakhonde la sitolo aimvetsa msanga. Phazi limatsika chidendene chili patsogolo, ng'oma nilira kamodzi, kenaka zala zimatsika chidendene chikudzuka, nilira kachiwiri. Kuyenda kumodzi kwa mwendo kumabala mawu awiri. Steve Gadd adaionetsa pa hi-hat ndi pa ng'oma m'kanema wake wophunzitsa wa m'ma 1980, ndipo idachokera ku gule uja wa tap. Oimba metal adaitenga naiika ku mapazi onse awiri. Opanga zitsulo nawo adatulutsa zopondera zazitali zokwana phazi lonse, zina zolumikizidwa ndi kachitsulo kolimba m'malo mwa tcheni.

Koma liwiro lili ndi mtengo wake, ndipo ndinene maganizo anga mosabisa. Phazi likamafulumira, kachibonga kamayenda mtunda waufupi, ndipo liwu limachepa. Pofuna kukonza zimenezi oimba adayamba kumata pa ng'oma kachipangizo kotchedwa trigger, kamene kamamva kugunda kulikonse, kofooka kapena kamphamvu, nkutumiza ku makina amene amatulutsa liwu limodzimodzi lojambulidwa kale. Ena amati kumeneku nkubera. Ine sinditero, chifukwa makinawo saponda m'malo mwa munthu, ndipo amaulula poyera kulakwa kulikonse kwa nthawi kumene ng'oma wamba ikadabisa. Chimene ndimadandaula nchina. Jo Jones ankatha kunong'ona ndi phazi, Baker adafuna ng'oma ziwiri za mawu awiri, koma makinawa amafafaniza kusiyana konseko, kugunda kulikonse nkufanana ndi kunzake ngati njerwa za m'chikombole chimodzi. M'studio zinthu zidafika poipa, pakuti ndi kompyuta munthu angathe kusendeza kugunda kulikonse kukhale pamalo pake. Mnyamata wa kalata uja adziwe kuti zina mwa zimbale zimene akudziyerekeza nazo zidasalazidwa motero, ndipo si zonse zimene akumva zidatuluka m'mapazi a munthu monga zikumvekeramo.

Anthu awiri amandilimbitsa mtima pa nkhani ya phazi lamanzere, ndipo onse awiri sadatchuke chifukwa cha kuthamanga. Woyamba ndi Rick Allen wa gulu la Def Leppard, amene adaduka mkono wamanzere pa ngozi ya galimoto pa 31 December 1984, ali ndi zaka 21. Ali m'chipatala adazindikira kuti zina zimene dzanja lija linkachita phazi lamanzere lingathe kuziphunzira. Adamupangira zopondera zamagetsi zingapo zondandalikidwa kumanzere, chilichonse ndi liwu la ng'oma yake, ndipo m'mwezi wa August 1986 adaimba pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Donington. Phazi limene kwa zaka zambiri lidangodziwa kutseka hi-hat lidaphunzira ntchito ya dzanja m'miyezi yosakwana makumi awiri.

Wachiwiri ndi Tomas Haake wa gulu la Meshuggah la ku Sweden. Nyimbo yawo ya "Bleed" ya 2008 siithamanga kwambiri pa metronome, koma mapazi amabwereza kachidutswa kafupi, ka kumenya kuwiri kofulumira kotsatidwa ndi kuwiri kodekha, kamene sikakwanirana ndi kuwerenga kwa manja, kotero kuti kamayambira pamalo ena nthawi iliyonse, kwa mphindi zoposa zisanu ndi ziwiri. Haake adali kale katswiri wa zaka zambiri, komabe adanena kuti nyimbo imodziyi idamudyera miyezi, ndipo padatsala pang'ono kuti isalowe m'chimbale. Adati adayenera kusintha kapondedwe kake konse, kusiya kuponda mwamphamvu ndi kuyamba kupepuka, ndipo poyerekeza adatchula gule wa tap, yemwe uja wa Bellson.

Tsono kwa iwe mnyamata wa kalata, miyezi itatu ndi yochepa. Yamba waona mpando wako ndi mfundo za mtanda uja. Ukatero khala pansi, nyamula mapazi onse awiri pang'ono, uone ngati ungakhazikike osagwira kanthu ndi manja. Tchera metronome pa 60 kapena 70, umenye ndi phazi lamanzere lokha kwa mphindi zingapo, kenaka onse awiri koma lamanzere ndilo liyambe. Dzijambule pa lamya yako umvere, chifukwa khutu la munthu amene akuimba limamunamiza. Usakweze liwiro kutsimphina kusadathe, ndipo ukakweza, kweza pang'ono. Kutentha kwa msongolo ndi mnofu umene ukuphunzira ntchito, ndipo kumatha ukapumula, koma ululu wobaya m'bondo, m'chiuno kapena kumsana ukaumva, leka tsiku limenelo. Ndiponso usalande phazi lamanzere ntchito yake yakale, pakuti m'nyimbo za kutchalitchi kwanu hi-hat idzafunika nthawi zambiri kuposa ng'oma yachiwiri.

Nthawi yatsala pang'ono, ndipo tiithera pa "Skin Deep" monga idajambulidwira m'chaka cha 1952, Bellson ali ndi zaka 27. Malipenga a Ellington ayamba ndiwo, kenaka amusiya yekha. Mutchere khutu cha kumapeto, pamene mapazi onse awiri alowa pansi pa mbale zamkuwa, muyese ngati mungathe kusiyanitsa lamanja ndi lamanzere.